Mwala Woyera ndi Nkhwangwa ya a Sapuwa

Zaka zoyamba za matipate, m'tauni

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha chifukwa mulibe chachilendo: ndinabadwa, ndinakula, ndinakwapulidwa kusukulu monga aliyense. Mbiri yanga yeniyeni ikuyamba tsiku limene ndinavala ovololo koyamba pa wekishopu ina m'tauni ya Zomba, dziko litangolowa kumene m'matipate. Masiku amenewo aliyense anali katswiri wa ndale, ngakhale mlonda wa pageti ankadziwa woyenera kukhala nduna. Ine mutu wanga unali pa makina osemera zitsulo. Pa makina amenewa umamangirira chitsulo, chimazungulira, iwe n'kumachisenda ndi kampeni kakang'ono ngati chala mpaka chitasanduka shafuti kapena bawuti imene ukufuna. Timipeni timeneti n'tachitsulo cholimba kwambiri chimene ife timati haisipidi, ndipo pogula timabwera tobuntha. Umanola wekha pa galainda, ndipo umisiri wa munthu umaonekera pomwepo.

Kapitawo wanga woyamba anali a Likoswe, bambo wamfupi wa mawu aakulu kuposa thupi lake. Sabata zoyamba sanandilole n'komwe kukhudza makina, ntchito yanga inali kunola basi. Galainda yathu inali ndi miyala iwiri yotuwa, ija imabwera ndi galainda pogula. Mwala wotuwa ndi wouma mutu. Sutha msanga, koma ukagwira ntchito pang'ono umasalala n'kuyamba kunyezimira, ndiye m'malo modya chitsulo umangochikhula. Kampeni kamatentha, zala zimapsa, iwe n'kukaponya m'chitini cha madzi. Ukakavuula kamaoneka bwinobwino, koma kunsonga kwalowa kale timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo pakati pa ntchito kamabenthuka. A Likoswe ankatenga kampeni kanga, n'kukayang'ana nsonga itachita bii, n'kufunsa kuti, "Mphwanga, apa wanola kapena wawotcha? Ngati mtima wako uli pa zowotcha, kudepoti akufuna anthu a kanyenya."

Ndi iwowa amene anandiuza za mwala woyera. Ankaufotokoza ngati munthu wokumbukira chibwenzi chake cha paunyamata. Amati mwala woyera ndi wofewa, mchenga wake ukabuntha umayoyoka wokha n'kusiya wina wakuthwa pamwamba, choncho umadya haisipidi mosatenthetsa. Koma kufewa komweko ndiye vuto lake, chifukwa ukaupatsa chitsulo chachikulu umatha ngati sopo m'manja mwa mwana. Anandichenjezanso za mwala wobiriwira, kuti ndisakopeke ndi kukongola kwake, ntchito yake ndi ya mipeni ina ya nsonga zomatika, osati yathuyi. Ndinagwira nawo ntchito zaka zingapo, ndipo mwala woyerawo sindinauone ndi maso. Chaka chilichonse ankaupempha, chaka chilichonse yankho linali lakuti zinthu zavuta.

M'zaka zomwezo ndinakwatira amayi anu, a Esinala, a m'mudzi wa kuseri kwa Chinamwali. Monga mwa mwambo wa kwathu kuno ndinapita chikamwini. Ndinamanga kanyumba pakhomo pa apongozi, ndipo Loweruka lililonse ndinkavula ovololo n'kugwira khasu m'munda mwawo. Mwinimbumba wa banjalo anali amalume awo a amayi anu, a Sapuwa. Inu akuluakulu mukuwakumbukira atakalamba, akukugawirani nzimbe. Panthawiyo anali munthu wamtali, wosaseka wamba, amene akati "tamva" sumadziwa ngati wavomera kapena wakana. Palibe nkhani ya m'banjamo imene inkayenda popanda mawu awo.

Patapita zaka, kukwera phiri

Chisomo, iwe unali wa kumsana pamene anandisamutsira pamwamba pa phiri la Zomba, kumalo ochekera matabwa a paini. Kumeneko kunali kawekishopu kokonzera makina a macheka, ndipo mmisiri wa zitsulo ndinali ine ndekha. Bwana wake anali a Namaona, munthu wabwino mtima koma wamantha ndi mabwana a kulikulu, foni ikalira ankayamba waimirira asanayankhe. Anandipatsa nyumba ya malata ya zipinda ziwiri, mtengo wa mapichesi pakhomo, madzi a pampopi pafupi. Ndinkaiyang'ana n'kumaseka ndekha. Koma nyumba ya kuphiri ukakhala wekha imazizira kawiri. Amayi anu sindikanangowatenga ngati katundu, panafunika kupempha chitengwa, ndiko kuti eni mbumba alole kuti mkazi achoke pamudzi pawo akakhale kwa mwamuna. Ndinatuma nkhoswe yanga, achimwene anga a Edisoni. Anabwerako ndi mawu awiri okha a a Sapuwa: "Tamva, tiganiza."

Anaganizadi, miyezi n'kumapita. Loweruka ndinkatsika wapansi kanjira ka anthu ogulitsa kachewere, Lolemba m'mawa n'kukweranso mawondo akulira. Ndinkasowa mkazi wanga, ndipo sindichita manyazi kulemba zimenezi. Kuntchito nakonso zinthu sizinkayenda. Galainda ya kumeneko inali ndi miyala yotuwa yotheratu, timipeni tinkabenthuka, shafuti ya tsiku limodzi inkanditengera masiku. Tsiku lina a Namaona anandiitana atagwira chipumi.

"A Matewere, akulikulu akuti bwanji ntchito za zitsulo tizingotumiza kutauni. Akuti mmisiri kuno sakuoneka phindu lake. Ndiye mukudziwa, mmisiri akachoka, nyumba ija imapita kwa wina."

"Bwana, ndigulireni mwala umodzi woyera, mudzaona."

"Umodzi?"

"Umodzi basi."

Anapuma mpweya wautali. "Pitani mukasankhe nokha. Koma ndikuuzeni, wachiwiri sudzabwera. Ukatha umenewo osaonetsa ntchito, ine sindidzakhalanso ndi pakamwa pokuikirani kumbuyo."

Ndinazungulira tauni yonse. Masitolo ena anandionetsa yotuwa, ena yobiriwira, wina mpaka anafuna kundigulitsa mwala wonolera lumo. Pomaliza ndinalowa m'sitolo ya zitsulo ya a Yusufu, amwenye obadwira mu Zomba momwemo, amene Chinyanja chawo chinali chokoma kuposa changa. Nditafotokoza anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achimwene, mwala umenewo anthu anasiya kuufunsa. Koma dikirani, bambo anga sankataya kanthu."

Analowa kuseri, ndinamva makatoni akugwa, kenaka anatuluka ali fumbi lokhalokha, atanyamula mwala woyera ngati ufa. Ndinawerenga kapepala ka pakati pake: mchenga wake unali wapakatikati, nambala sikisite, woyenera kuumba nsonga ndi kuisalaza komwe, ndipo liwiro lolembedwapo linali loposa la galainda yathu, monga zimafunikira kuti mwala usaphulike. Bowo lake linalinso lolingana ndi shafuti ya galainda. Ndinatulutsa ndalama ya kuntchito, koma a Yusufu anandigwira dzanja.

"Musathamange. Mwala wagona zaka zambiri uwu, tiufunse kaye ngati uli moyo."

Anaukoleka pachala, n'kuugogoda pang'ono ndi chigwiriro cha mtengo cha sikuludiraiva. Unalira kuti ngwee, ngati kabelu ka kutchalitchi. Anautembenuza n'kugogodanso mbali zina, kulira kwake komweko. Anandiuza kuti wosweka m'kati umangoti phu, ndipo wotero ukauika pa galainda umakuphulikira kumaso. Tinaukulunga m'chiguduli, ndipo pa lole ya matabwa yobwerera kuphiri ndinaufungatira pamiyendo, dalaivala akundiseka kuti ndabereka mwana wachiwiri.

Nditaumanga mbali imodzi ya galainda, ndinaima pambali n'kuusiya uzungulire wokha kanthawi, kenaka ndinauwongola nkhope yake, mbali yonolerapo ija. Ana anga, kampeni koyamba kamene ndinanola pamenepo sindidzakaiwala. Zala sizinapse, chitini cha madzi sindinachifune, nsonga inatuluka yowala ngati galasi. Pa makina, chitsulo chinayamba kusendeka ngati mbatata yophika. Mwezi usanathe macheka onse anali akuyenda, ndipo a Namaona anayamba kuyankha foni atakhala pansi. Anthu a m'phirimo, odula mitengo ndi olima kachewere, atamva za mwala watsopano anayamba kubwera ndi zikwanje zawo. Onse ndinkawanolera pa wotuwa wa mbali inayo, umene ndinauwongolanso bwino. Woyerawo ndinausokera kachipewa ka chikopa.

Nyengo ya chiperoni

Mbiri ya mwalawo inatsika phiri. Amayi anu amakana mpaka lero, koma ine ndikudziwa kuti inadzera pamjigo, pamene ankauza anzawo kuti amuna awo ali ndi mwala wochokera kunja umene ukanolera nkhwangwa umameta nayo ndevu. Tsiku lina m'mawa, chifunga chitaphimba mitengo yonse, ndinamva kutsokomola pakhomo la wekishopu. Nditatembenuka ndinaona a Sapuwa, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, nkhwangwa paphewa. Anali atakwera phiri lonselo wapansi.

Ndinathimitsa makina, n'kuwapatsa mpando, ine n'kunjuta pansi monga mkamwini. Tinalonjerana mpaka nkhuku za kumudzi. Kenaka anati, "Akamwini, ndati ndidzaone nyumba imene mukufuna kutengerako mwana wathu. Ndaiona podutsa, ndi yabwino ndithu." Ndinaomba m'manja, mtima uli m'mwamba. Iwo anatsitsa nkhwangwa ija n'kuigoneka patsogolo panga. "Ndiye poti ndafika, mundinolereko iyi. Pa woyera uja tikumumvayu."

Nkhwangwa imeneyo inali yakale kuposa ine. Inali yotakata, yadzimbiri, kukamwa kwake kuli magweru ngati yakhala ikudula miyala. Kuti magweru amenewo athe, mwala wanga wofewa ukanadyeka mpaka kusanduka wokumbika ndi wopindika, osathanso kunola kampeni mowongoka. Ndinayang'ana kukhomo ndipo ndinaona a Namaona ataima. Maso athu atakumana, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito kumacheka, n'kuzimiririka m'chifunga.

Mutu unaima. Ndikawanolera, mwala watha, ntchito ibwerera kutauni, nyumba ipita kwa wina, ndiye amayi anu ndiwatengera kuti? Ndikawakaniza, ndakaniza mwinimbumba amene wakwera phiri ndi miyendo yake, ndipo kwathu kuno mkamwini sanena kuti ayi kwa munthu wotero. Amati "chabwino" ngakhale zikumupweteka. Ndinaganiza zonama kuti magetsi avuta, koma macheka anali akulira kuseri. Ndiye ndinangolankhula zoona.

"Amalume, pepani kwambiri. Nkhwangwayi ndinola ndi manja anga, ndipo ithwa. Koma ndinolera pa wotuwawu."

"Wotuwawo ndi umene mumanolera aliyense wodutsa?"

"Eya, amalume."

"Ndiye ine ndakhala aliyense wodutsa."

"Ayi, amalume, si choncho. Woyerawu ndi wofewa, ndi wa timipeni iti tokha. Nkhwangwa ingaumalize lero lomwe, ndipo wina sadzandigulira. Ukatha, ntchito yanga kuno yatha."

Iwo anati, "Mwana wathu tinakupatsani osafunsa kuti atha kapena satha. Inu mwala mukutimana."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinangotola nkhwangwa ija n'kuyatsa galainda. Sindinanolepo chinthu mosamala ngati tsiku limenelo. Ndinachotsa magweru pang'onopang'ono, osakanikiza, ndikupumira kuti isatenthe, kenaka ndinamalizitsa ndi tupa ndi kamwala ka m'manja. Nthawi yonseyo maso awo anali pa kachipewa ka chikopa kaja. Nditawapatsa sanaiyese n'komwe ndi chala. Ndinawapempha kuti tipite kunyumba akamwe tiyi, anati am'mwa kale. Ndinati adikire lole, anati miyendo ali nayo. Anangoti "tamva", n'kulowa m'chifunga.

Mvula isanagwe

Loweruka limenelo ndinatsika phiri ngati munthu wopita kukhoti. Amayi anu anandilandira ndi nkhope yomwe inu nonse mukuidziwa.

"Bambo a Chisomo, zoona munawakaniza amalume chifukwa cha mwala?"

"Sindinawakanize, ndinawanolera."

"Mudzi wonse ukudziwa kuti munawakaniza. Ndiye muzikagona nawo mwala wanuwo, uzikakuphikirani."

Ndinayesa kufotokoza za mchenga wofewa ndi wolimba, koma ndikulangizeni anyamata inu, mkazi akakwiya si nthawi yomuphunzitsa za galainda. Apongozi aakazi ankandiyankha moni akuyang'ana kumbali. A Sapuwa ndikawalonjera ankayankha bwinobwino, ndipo zimenezo zinkandiopsa koposa. Achimwene a Edisoni anandiuza kuti ndawayipitsira ntchito, nkhani ya chitengwa ndiiwale kaye chaka chimenecho. Ndinabwerera kuphiri mtima uli wolemera. Timipeni tinkathwa, mashafuti ankatuluka okongola, a Namaona ankandiyamikira, koma ine chimwemwe chinali chitandithera. Nthawi zina ndinkauyang'ana mwala uja n'kumaufunsa ngati unali woyenera zonsezi.

Chiperoni chinatha, kunayamba kutentha, anthu anayamba kusosa m'minda. Ndiye tsiku lina a Edisoni anatulukira kuwekishopu ali thukuta lokhalokha, akuseka asanalonjere n'komwe. Anati a Sapuwa anawaitanitsa, ndipo anapeza akuluakulu a mbumba atakhala pansi pa mtengo wa mango. A Sapuwa sanatchule zoti nkhwangwa inathwa, ngakhale mudzi wonse unkadziwa kuti anagwetsa nayo mtengo wa bulugamu umene unawakanika zaka ziwiri, ndipo tsopano sankaibwereketsa kwa wina aliyense. Iwo anangoti mkamwini ameneyu ndi wouma mutu, ndipo khasu amagwira ngati akulipepesa, choncho mbumba sitaya kanthu kumunda iye akachoka. Koma mkamwini sachoka pamudzi osasiya manja ake. Ndiye chigamulo chinali chakuti mwana wawo apite kuphiri, koma chaka chilichonse mvula isanagwe, makasu, nkhwangwa ndi zikwanje zonse za mbumba zizikwera phiri kukanoledwa.

"Wavomera?" anafunsa a Edisoni.

"Achimwene, ngakhale atati za mudzi woyandikana nawo."

Ndinathamangira kwa a Namaona kukapempha kuti ndizinola zimenezo ndikaweruka. Anavomera msangamsanga, ndikuganiza kuti chikumbumtima chinkawavutabe chifukwa chondithawa tsiku lija. Anauzanso dalaivala kuti lole ikatsitsa matabwa kutauni Loweruka, idzere ku Chinamwali.

Loweruka limenelo ndinasesa nyumba katatu, pakhomo ndinathirapo madzi, n'kukaima pamsewu ngati mwana wodikira alendo a Khirisimasi. Dzuwa litapendeka ndinamva lole ikubuula pachitunda. Kutsogolo kunali amayi anu, iwe Chisomo uli pamiyendo. Kumbuyo ndinayembekeza kuona mphasa, mapoto ndi mtondo. Zinalipo, koma zinali zitakwiririka pansi pa mulu wa makasu, nkhwangwa, zikwanje, zisenga, ngakhale mpeni wa apongozi wosendera chinangwa. Sindinadziwe kuti mbumba imeneyo inali ndi zitsulo zochuluka chotero, ndipo ndikukhulupirira kuti ena anabwereka kwa anansi kuti asaphonye mwayi.

Amayi anu anatsika, anayang'ana nyumba, anayang'ana mtengo wa mapichesi, kenaka anayang'ana ine, akuyesetsa kuti asamwetulire.

"Amalume akuti muyambe ndi makasu, mvula ili pafupi."

"Ndamva."

"Akutinso pa wotuwa pomwepo. Akuti woyera uja ndi wofewa, sungathe nkhwangwa ya mwamuna."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo misozi ina sinali ya kuseka. Sabata yonse yotsatira, ndikaweruka ndinkaima pa galainda mpaka dzuwa kulowa, ndikunola makasu a eni ake. Manja anatuluka matuza, msana unauma, mphuno zinadzaza fumbi la dzimbiri. Koma ndinkanola ndikuimba, chifukwa ndikatukula maso pawindo la wekishopu ndinkaona utsi ukutuluka kukhitchini kwanga, ndi matewera ako, Chisomo, ali pachingwe.